Zitheba za m'Chipinda Chachitatu

Ndinagwirapo ntchito zaka zinayi pa kampani ina yaing'ono ku Chileka, yolongedza zitheba ndi tsabola zopita kunja pa ndege. Ndinkagonera kwathu ku Lirangwe, kwa mayi anga, ndiye m'mawa uliwonse inali minibasi mpaka pa Kameza, kenako ina yolowera ku Chileka. Pa kalata ya ntchito analemba kuti ndine woyang'anira makompyuta, koma tsiku ndi tsiku ndinali wochotsa pepala pulinta ikalitafuna ndiponso wokumbutsa abwana pasiwedi yawo.

Kuseri kwa nyumba yolongedzera kunali zipinda zitatu zozizira. Makina ake ankayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi pulogalamu yomwe analemba munthu wina amene anachoka ine ndisanabwere. Pulogalamuyo inali ndi nthambi zinayi zoyenda nthawi imodzi, zomwe anthu a ntchito yathu amati mathiredi. Zitatu mwa izo, iliyonse inkayeza kuzizira kwa chipinda chake n'kulemba nambala mu memole, momwe kompyuta imasungira zinthu. Yachinayi inkawerenga manambalawo n'kulamula makina kuti ayake kapena apume theka la ola.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zitheba za m'chipinda chachitatu zinayamba kupezeka zofota. Makatoni anabwezedwa kawiri. Amene ankasunga makiyi a zipindazo anali bambo ena achikulire a kwathu komweko ku Lirangwe, omwe ankachita lendi kanyumba ku Chileka. Iwo anali ndi kachipangizo kawokawo kagalasi koyezera kutentha, komangirira ku chingwe. Anandiuza kuti, "Chemwali, makinawa akumazima m'kati muli motentha. Ine ndimamva ndi khungu langali, ndipo kagalasika kakugwirizana nane."

Abwana sanafune kumva za khungu la munthu wosunga makiyi. Sanafunenso kumva za ine. Anaitanitsa mlamu wawo, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni.

Munthuyo anafika atavala jekete kunja kukutentha choncho, magalasi akuda ali pamphumi, chikwama cha laputopu chili kumsana ngati mwana. Chichewa ankachilankhula mochita kuchisankha, ngati munthu wotola mchenga mumpunga. Atandiona anati, "Sisita, kapezeni tiyi, ife tione nkhaniyi." Ndinakapezadi tiyiyo. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira kuti ndinathiramo shuga masupuni atatu monga anafunira.

Analumikiza dibaga ku pulogalamu ija. Dibaga ndi chida chimene timasuzumira nacho m'kati mwa pulogalamu kuti tione zomwe zalembedwa mu memole. Anadina batani, n'kuwerenga manambala atatu aja mokweza, aliyense ali pamalo pake. Anabwereza kasanu, akugwedeza mutu ngati dokotala. Kenako anatseka laputopu yake mwaphokoso.

"Alamu, pulogalamu ilibe vuto," anatero kwa abwana. "Ndalowa m'kati mwenimweni. Vuto ndi anthu anuwa. Mdala uja akumasiya chitseko chotsegula."

Ndinafunsa kuti, "Kodi pamene mumawerenga paja, nthambi zija zimayendabe kapena zimakhala zitaima?"

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Sisita, izi ndi zozama. Munaphunzira kuti?"

Ndinamuuza. Anaseka, abwana nawonso anaseka, ngakhale kuti abwanawo sankadziwa kusiyana kwa mausi ndi chaja. Lachisanu sabata yomweyo bambo a makiyi aja anauzidwa kuti akapume kwawo. Ndinawaona akumangirira mphasa ndi ndowa pa kabaza. 

Loweruka ndinatenga laputopu ya kuntchito kupita nayo kwathu. Kunyumba kulibe magetsi, choncho ndinakakhala pa benchi m'kashopu kometera tsitsi pa msika wa Lirangwe, pomwe mwini wake amandilola kulumikiza chaja. Sindinayambe ndi pulogalamu ya zipinda ayi. Ndinafuna ndiyambe ndayesa dibaga yeniyeniyo, chifukwa mlamu uja anaikhulupirira ngati Baibulo osaifunsa kanthu.

Ndinalemba kapulogalamu kakang'ono ka nthambi zinayi. Nthambi iliyonse ntchito yake inali kuwerengera basi, wani, thuu, firii, osaleka, n'kumalemba pamalo pake mu memole. Kuyesa kwake kunali kosavuta: ngati dibaga ikuthadi kusuzumira pulogalamu ili m'kati moyenda, ndikawerenga kawiri motsatizana manambala ayenera kusiyana. Ndinaikonza dibagayo monga anaikonzera katswiri wathu, n'kuwerenga. Ndinawerenganso. Nambala yomweyomweyo, nthambi zonse zinayi. Dibagayo inkayamba yaimitsa zonse, zii, kenako n'kumandionetsa zimene zatsala. Ndiye kuti munthu uja kasanu konse ankayang'ana pulogalamu yogona n'kumalumbira kuti siyenda molakwika.

Wometa uja anandifunsa chimene ndinkasekera. Ndinati ndakumbukira munthu wina wovala jekete.

Kupeza njira yoti dibaga iziwerenga popanda kuimitsa nthambi kunanditengera masana onse. Poyamba inkakana, ikuti singathe kugwira memole pulogalamu ikuyenda. Magetsi anathima kamodzi, makasitomala awiri anatuluka mitu itametedwa theka. Magetsi atayakanso ndinasintha makonzedwe a dibagayo, ndipo manambala anayamba kuthamanga pa sikirini. Ndinayesanso mbali ina: ndinalemba ziro pamalo a nthambi yachiwiri kudzera mu dibagamo, ndipo nthambiyo inayambiranso kuwerengera kuchokera pansi, zinzake zikupitirira osasokonezeka. Apo ndinadziwa kuti chidacho tsopano chikuona ndi kugwira zinthu zamoyo.

Lolemba ndinalumikiza dibaga ku pulogalamu ya zipinda, n'kuiuza kuti iziwerenga malo a chipinda chachitatu mobwerezabwereza ndi kusunga zonse. Ndinadikira mpaka cha m'ma leveni. M'chipinda chachitatu munali madigiri khumi ndi awiri chifukwa anali atangolowetsamo makatoni ochokera kumunda. Mwadzidzidzi pa mndandanda panatulukira folo, kamodzi kokha, kenako thwelofu n'kubwerera. Folo inali nambala ya chipinda chachiwiri. Kuseri ndinamva makina akuzima.

Nkhani yake inali yopusa. Nthambi yachiwiri ndi yachitatu zinkadutsitsa manambala azo pakamalo kamodzi zisanawaike m'malo mwake, popanda kudikirana. Zikafika pamodzi, ina inkatola nambala ya inzake. Nthambi yolamula makina ikaona folo inkati m'chipinda mwazizira, n'kupumitsa makina theka la ola, zitheba zikuphikika. Sekondi yotsatira nambala yolondola inkabwerera, moti woimitsa pulogalamu kuti asuzumire akanatha chaka osaona kanthu.

Ndinaitana abwana. Iwo anaitana mlamu wawo, poti zoti aone okha ndi maso awo zinali zowakulira. Ndinawasonyeza kapulogalamu kanga koyesera, kenako mndandanda uja, chala changa chili pa folo.

Katswiri uja anayang'ana nthawi yaitali, n'kutsitsa magalasi kuchoka pamphumi kuwaika m'maso, m'nyumba. Kenako anati, "Eya. N'zimene ndimanena zija, alamu. Ndinati pali kusamvana m'kati. Sisitayu wangotsatira pomwe ndinalozera."

"Munati ndi chitseko," ndinatero.

"Chitseko cha memole, sisita. Mukamamva muzimvetsetsa."

Abwana anawomba m'manja. Anamugwira mlamu wawo paphewa n'kunena kuti maphunziro akunja ndi akunja basi. Ine anandiuza kuti ndikonze mwamsanga monga alamu awo andilangizira. Ndinawonjezera mizere itatu yoti nthambi ina izidikira inzake ithane ndi kamalo kaja. Zitheba sizinafotenso. Mwezi wotsatira mlamu uja anapatsidwa ofesi yakeyake yokhala ndi fani, pachitseko atamata pepala loti mlangizi wa zaukadaulo. Ankabwera Lachitatu lokha, kudzaonera mpira pa intaneti ya kampani, ndipo ikavuta ankaitana ine.

Ndinafunsa abwana za bambo a makiyi aja. Anati nkhaniyo inatha kale, kuwaitananso kungaoneke ngati kampani sidziwa chimene ikuchita. Ndinawayang'ana abwanawo, munthu wamkulu wa mimba yake ndi ana ake ku sekondale, akuopa kunena mawu amodzi oti pepani kwa nkhalamba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsa moni ndi pakamwa pokha.

Bambo aja ndinakumana nawo patapita milungu ingapo pa msika wa Lirangwe, akugulitsa mipini ya makasu. Ndinagwada pang'ono n'kuwafotokozera zonse, mmene ndikanathera, za nthambi ziwiri zolandana nambala.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Ndiye kuti sindinali ine?"

"Simunali inu, bambo."

"Ndimadziwa," anatero. "Koma akazi anga amakayika. Mudzadutse kunyumba Lamulungu mukatuluka ku tchalitchi, mudzawauze nokha. Za nthambizo musadzachuluke nazo, mudzangoti anali makina."

Ndinapitadi. Amayiwo anandiyalira mkeka pakhonde, n'kumva nkhani yonse manja ali pachibwano. Nditatha anatembenukira kwa amuna awo n'kunena kuti komabe chitseko cha khola la mbuzi amachisiya chotsegula, ndipo pamenepo palibe kompyuta yoti ainamizire. Tinaseka tonse atatu. Anandipatsa mango m'jumbo, ndinawasenza mpaka kwathu.

Pa kampani paja ndinakhalapo chaka china chimodzi, kenako ndinapeza ntchito m'tauni. Tsiku lotsanzika, mlangizi wa zaukadaulo anandipempha kuti ndimulembere pa pepala mmene ndinkayatsira dibaga ija. Ndinamulembera mmene amaiyatsira iye.