Pulasitiki pa Denga la Msasa

Ndine mmisiri wa madenga. Ndakhoma malata mu Kafue muno zaka zambiri, kuyambira ku Nangongwe mpaka kuseri kwa siteshoni ya sitima. Denga langa silidontha. Sindiyankhula zambiri, koma ichi chokha ndimachinena.

Ndinakulira mu mpingo wa Lamulungu. Atate anabwera nawo kuchokera ku Malawi pamodzi ndi sowo ndi hamala. Ndimapitako pa Khirisimasi ndi pa maliro. Mkazi wanga ndiye anasintha. Mnzake wogulitsa naye tomato pa msika anamutengera ku kampingo kena kosunga Sabata. Kuyambira pamenepo, Lachisanu dzuwa likalowa, moto unkazima pakhomo pathu. Loweruka ndinkadya nshima ya dzulo, yozizira. Ndinadandaula kamodzi. Anandiuza kuti mbaula ili apo, malasha ali apo, manja ndili nawo. Sindinadandaulenso.

Sabata si lokha. Ali ndi masiku enanso a m'Malemba. Pali mlungu wina amasesa m'nyumba monse kuchotsa buledi ndi chilichonse chotupa. Mabanzi anga anapita kwa aneba. Pali tsiku loliza nyanga ya ng'ombe. Pali tsiku losala kudya, ndipo ine ndinasala nawo osafunsidwa, chifukwa panalibe wophika.

Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake sangapemphere kunyumba, tsiku lililonse limene wapeza mpata. Ndinati Mulungu amamva ndi ku Nangongwe komwe.

"Imwe," anatero, "mwini nyumba akati tikumane pamalo omanga Lolemba m'mawa, mumapita Lachitatu? Malata mumakhomera pabedi?"

Anati masikuwo sanasankhidwe ndi anthu. Anaika ndi Mulungu. Woitana ndi iye, ndipo amaitana onse pamodzi, osati mmodzimmodzi ngati pa kiliniki. Ndinapita kukanola sowo.

Chaka china, mu Okutobala, anali ndi chikondwerero cha misasa. Masiku asanu ndi awiri akupemphera mu msasa wa nthambi. Mkazi wanga anauza mpingo wonse kuti mwamuna wake ndi mmisiri, amanga. Ine anandiuza pomaliza.

Mkulu wa mpingo anabwera kunyumba. Onse amamutcha ba Elda. Ndi mdala woonda, wa magalasi, anapuma ntchito ku njanji. Anakhala pa kampando kanga ndi kufotokoza. Anati Aisraeli atatuluka mu ukapolo anakhala m'chipululu m'timisasa, opanda njerwa, opanda chitseko, ndipo Mulungu anawasunga. Ndiye kamodzi pa chaka munthu atuluke m'nyumba yake, akhale pansi pa masamba ndi anzake, akumbukire kuti chomuphimba si malata. Mawu a malatawo sanandisangalatse.

Ndinafunsa muyezo. Anandipatsa. Ndinafunsa malata angati.

"Palibe malata, ba mmisiri. Nthambi zokha. Munthu akayang'ana kumwamba aziona thambo."

"Mvula ikabwera?"

"Tidzanyowa."

Ananena akumwetulira. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Sizinali nthabwala.

Ndinamanga pa bwalo la kuseri kwa nyumba yake. Mizati ndinaimika ndi levulo, choyezera kuwongoka. Bango ndinakatenga ku Chanyanya pa njinga, maulendo atatu. Pamwamba ndinayala nthambi za mango. Ba Elda anaima pakati, anayang'ana kumwamba, anaona thambo m'mipata, anati ndi bwino kwambiri. Ine ndinaona zibowo zokhazokha.

Ndikumanga mfundo zomaliza, panadutsa mmisiri mnzanga. Timalimbirana ntchito kuyambira tili anyamata. Anaimitsa njinga pa mpanda.

"Bwanji, mdala? Malata adula?"

Ndinapitiriza kumanga mfundo.

"Ili likadontha, Kafue yonse idzamva. Ndidzayamba ndi pa siteji ya maminibasi."

Anapita akuliza belu. Ndinayang'ana kumapiri. Mitambo inali itayamba kuunjikana masana aliwonse.

Kunyumba ndinali ndi pulasitiki yakuda, yaikulu, yotsala pa ntchito ya konkire. Masana a tsiku lomwelo, ba Elda atapita kutauni ndipo amayi onse ali ku msika kugula za chikondwerero, ndinakwera. Ndinachotsa nthambi za mango, ndinayala pulasitiki pa bango, ndinabwezera nthambi. Kunsi ndinalowetsa masamba ena kuti chakuda chisaoneke. Ndinaiyala mopanda kupendeka. Mmisiri aliyense amadziwa kuti madzi amafuna potsikira. Koma ndikanapendeketsa, ikanaonekera m'mbali. Ndinadziuza kuti mwina mvula idzakhala yowaza chabe.

Masiku oyamba sindinapiteko. Nkhani ndinkaimva kwa mkazi wanga madzulo. Anati mu msasa mukutentha ngati mu uvuni wa mabanzi. Amayi ankadzikupiza ndi zitenje. Bambo wina wonenepa anatuluka kawiri kukadzithira madzi pa mpopi. Ba Elda anawalimbikitsa kuti m'chipululu munkatenthanso chomwecho, ndipo chaka chino Mulungu wafuna kuti amvetse bwino. Mayi wina wa kwaya anafunsa kuti thambo lija lapita kuti. Mkazi wanga anabwera nalo funsolo kunyumba. Ndinati mango a chaka chino ali ndi masamba ambiri. Anandiyang'ana, anapitiriza kutsuka mbale.

Loweruka anati ndipite. Ba Elda ankafuna kuthokoza mmisiri pamaso pa mpingo. Ndinavala jekete. Ndinalakwitsa. Mkazi wanga anandikhazika pambali pake, benchi yachiwiri, kuti anthu aone kuti mwamuna ali naye.

Anaimba. Anandithokoza, ndinaimirira, ndinakhala. Titadya za masana, ba Elda anayamba kulalikira. Anati Sabata ndi tsiku loika zida pansi, kuti munthu aone kuti dziko limayendabe iye asakuligwira. Anati masiku opatulika ali ngati masiteshoni a njanji: sitima imaima pamene panaikidwa, nthawi imene inaikidwa, ndipo wofuna kukwera amabwera pomwepo ndi anzake. Saimika sitima kuseri kwa nyumba yake. Ndinaona kuti za njanji amazidziwa.

Kenako mphepo inasintha. Fungo la fumbi lonyowa linalowa. Mvula yoyamba inagwa, ndipo sinali yowaza.

Anthu anakonzeka kunyowa. Amayi anafunda zitenje kumutu. Wina anabisa buku la nyimbo m'malaya. Ba Elda anavula magalasi, anatambasula manja, anayang'ana kumwamba, kudikira dontho loyamba.

Silinabwere. Kunja madzi ankayenda ngati mtsinje. M'kati mouma.

Anthu anayang'anana. Mayi wa kwaya uja anayamba nthungululu. Ena anatsatira. Bambo wonenepa anagwada, akunena kuti Ambuye aphimba anthu awo monga kale. Wina anayambitsa nyimbo. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kunena zoona, mumtima ndinakondwa pang'ono. Denga langa silinadonthe.

Mkazi wanga sankaimba. Anaweramira kukhutu kwanga.

"Mwaikamo chiyani?"

"Masamba."

"Atate a ana, mwaikamo chiyani?"

Pomwepo ndinamva bango likulira. Ndinayang'ana kumwamba. Pakati pa denga, masamba anali atapatukana. Chinthu chakuda, chonyezimira, chinkatsika pang'onopang'ono ngati mimba ya mvuu. Chinali pamwamba penipeni pa ba Elda ndi tebulo la Malemba.

Ndinafuna kudzuka ndikatenge makwerero. Mkazi wanga anandigwira jekete. Anati lero ndi Sabata, palibe munthu akwera denga, ndipo ndisamuchititse manyazi kawiri tsiku limodzi. Ndinati madramu awiri a madzi ali pamutu pa mdalayo. Anati ndiye ndimuuze mdalayo.

Ndinaimirira. Nyimbo inazima pang'onopang'ono.

"Ba Elda, sunthani."

Anandiyang'ana, osamvetsa.

"Si chozizwitsa. Ndi pulasitiki. Ndinaika ine."

Onse anayang'ana kumwamba. Bambo wonenepa anadzuka pamene anagwada, anasasa maondo. Mayi wa kwaya anati iye ananena kale za thambo. Ba Elda anavala magalasi, anaiona mimbayo, anasuntha masitepe awiri ndi tebulo lake. Sanakwiye. Anangofunsa chifukwa chake. Ndinati denga langa silinadonthepo. Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda.

Pamenepo panabuka mkangano. Madzi anayenera kutsitsidwa denga lisanagwe pa anthu. Koma kubowola pulasitiki pa Sabata, ndi ntchito kapena si ntchito? Dikoni wina anati ndi ntchito, chifukwa wobowolayo ndi mmisiri. Wina anati zimatengera chida: msomali ndi ntchito, chala si ntchito. Panalibe wa chala chofika kumeneko. Wina anati tituluke tonse tisiye Mulungu agwetse yekha. Kunja kunali mvula, ndipo anthu omwe ankadikira kunyowa aja palibe anatuluka. Mimba inkakulabe. Mzati umodzi unayamba kupendeka, mzati umene ndinaimika ndi levulo.

Ba Elda anakweza dzanja. Anati ngakhale ng'ombe ikagwa m'dzenje pa Sabata imatulutsidwa. Anati ambulera si chida cha mmisiri. Anatenga yake, ya nsonga yachitsulo, anandipatsa.

"Wotseka thambo ndi amene alitsegule," anatero.

Anthu anathawira m'mbali. Ndinaima ndekha pansi pa mimbayo. Ndinaganiza za mnzanga wa njinga ndi siteji ya maminibasi. Ndinafuna kubowola kabowo kakang'ono m'mbali, madzi atsike mwaulemu. Pulasitiki yodzaza simva zimenezo. Nditangoigunda inang'ambika kuchokera uku mpaka uko.

Madziwo anali ofunda, a masamba, a fumbi la mlungu wonse. Munalinso buluzi. Anandikhazika pansi m'matope. Jekete inalemera ngati thumba la simenti.

Woyamba kuseka anali mkazi wanga. Anaseka mpaka kugwira benchi. Mpingo wonse unatsatira, ndi dikoni yemwe. Ba Elda anandidzutsa, anatenga ambulera yake, osaitsegula.

Tsopano denga linkadontha. Madzi ankalowa pong'ambika paja, kutsata bango, kugwera aliyense. Palibe anapita kwawo. Anabwezera mabenchi, anathithikana, ba Elda anapitiriza pamene anasiyira. Anati tsopano ndiye tili mu msasa. Anaimbanso, madzi akutsika m'makosi. Mkazi wanga anandifunditsa theka la chitenje chake. Chinali chonyowa kale. Ndinakhala mpaka pomaliza. Kunyowa wekha ndi kupusa. Kunyowa anthu makumi anayi mukuimba, sindikudziwa dzina lake, koma sikunandipweteke.

Lamulungu m'mawa ndinakwera, ndinachotsa pulasitiki yonse, ndinawongola mzati. Thambo linabwerera.

Lolemba nkhani inali itafika pa siteji. Mnzanga anandipeza pa shopu ya misomali, mano onse panja. Anafunsa ngati ndi zoona kuti denga langa ladontha. Ndinati ndi zoona. Ndinati ndinalibowola ndekha, ndi ambulera ya mwini wake. Anasowa poyambira. Anauzabe anthu. Kwa miyezi ingapo, mitambo ikangoda, makondakitala ankandifunsa ngati ndanyamula ambulera.

Sindinalowe mpingo wawo. Ndikadali wa Lamulungu, wa Khirisimasi ndi maliro. Koma msasa ndimamanga ine chaka chilichonse. Ba Elda amabwera ndi ndodo, amatosa denga m'makona onse anayi ndi pakati, kenako amati ndi bwino. Loweruka la chikondwerero ndimapita, opanda jekete. Ndimakhala pafupi ndi mzati wa kumadzulo. Pamenepo bango ndimaliyala mothinana pang'ono. Mkazi wanga akudziwa. Amakhala pomwepo nayenso.