Mkamwini Womira Dala

Rinze Duinker akamafotokoza za moyo wake ankayamba ndi kudziseka: "Ine ndine msilikali uja nkhondo yaikulu inatha ndisanaphe ndi nkhanu yomwe." Sankanama. Ife a kudoko la Den Helder nkhondo ija tinangoimvera patali, ndiye sitima yathu yoyamba yoyenda pansi pa madzi inkangomira m'mawa n'kuvuuka masana, anthu ake ali ndi njala basi.

Rinze anali wamtali ngati mlongoti, koma akuluakulu, mwa nzeru zawo zakuya, anamuponya m'kasitima kameneka, kothina moti ukayetsemula wopukuta nkhope ndi mnzako. Chipumi chake sichinkapola.

Komabe Neeltje, mtsikana wosoka maukonde padoko, anamukonda. Vuto linali amayi ake a mtsikanayo, mayi Kuiper, amene amuna awo anapita ndi bwato lausodzi osabwerera, ndi mtembo womwe osapezeka.

"Mwana wanga akwatiwe ndi munthu womira dala? Ine ndili moyo?" ankatero. "Anzake nyanja imachita kuwakoka, iyeyu amakadzipereka yekha!"

Neeltje ananeneratu kuti popanda mawu a amayi ake ukwati palibe. Rinze anayesa zonse, abale. Anapita atavala yunifolomu, anakagunda mutu polowa. Anapita ndi tchizi, mayiwo anapatsa mphaka iye akuona.

Lamulungu lina, kunja kukuwomba chimphepo, mayi Kuiper anamuthirira khofi osamuyang'ana.

"Iwe, pansi pajapo pamakhala bwanji?"

Rinze anali atasunga mabodza ambiri aungwazi, koma onse anamuthawa.

"Mayi, ndisakunamizeni, ine sindionako kanthu. Chimene ndimaona ndi msana wa mnzanga. Tikakhala pamwamba pa madzi ndimasanza kuposa aliyense, mpaka anandipatsa chidebe changachanga."

"Ndafunsa za pansi."

"Pansi ndiye ndimachira, mayi. Namondwe safikako. Pamwamba mafunde kaya aswe mabwato, ife tikangotsikira kuya, kuli zii. Sikugwedezeka n'komwe."

Mayi Kuiper anaika kapu pansi. Apa m'pamene Rinze, mbuli ya munthu, anazindikira kuti funsolo silinali la iye. Zaka zonsezi mayiwa mphepo ikawomba sankagona, poganiza kuti amuna awo akukankhidwa uku ndi uku ndi mafunde.

"Ukunena zoona, iwe? Ngakhale mphepo ya kumpoto?"

"Ngakhale imeneyo, mayi."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi epuloni n'kukuwira kukhitchini: "Neeltje! Wonjezera mbatatesi mumphikamo, munthuyu adya kuno."

Kasitima kaja kanakalamba, anakaphwasula kasanawombere mdani ndi mmodzi yemwe. Rinze anatsala ndi ntchito imodzi yokha imene ankati anaigwira bwino. Chimphepo chikangoyamba, apongozi ake ankamuitanitsa, iye n'kukhala pambali pawo, iwo amvekere: "Tanenanso, mwanawe."