Timagalasi ta ku Joni

M'mawa uliwonse, asanapite kukagulitsa mpunga pa msika wa Chipoka, Enifa ankamanga magalasi ake kumutu ndi mphira ya chubu, n'kuponya mpira ka makumi atatu mumkombero wa njinga womwe anaukhomera pamtengo kuseri kwa nyumba. Akavula magalasiwo, mkombero unkasanduka utsi.

Ndiye ankamwetsa zigoli mu timu ya mpira wa manja ya kumeneko. Koma tsiku lina chigongono cha mnzake chinamenya magalasi aja, n'kumucheka pamphuno. Akochi, mayi Pitala, sanachulutse gaga m'diwa.

"Loweruka ku Lifuwu sulowa ndi mabotolo akowo. Timu ndisankha Lachinayi. Ukalephera alowa Karima."

Mchimwene wake Elliot anali atamutumizira kale bokosi kuchokera ku Joni: timagalasi tofewa toika padiso penipeni, tovala tsiku limodzi n'kutaya. Pafoni anati nambala yake ndi yomweyo ya magalasi a Enifa.

Lolemba anativala. Anaona masamba a bwemba limodzilimodzi, ngakhale anthu a m'mabwato akutali. Pofika masana maso anali psuu ngati wathiridwa tsabola. Lachiwiri chimodzimodzi. Pabenchi sankakhazikika: akhale, adzuke, asuzumire pakalilole, ayeze mpunga n'kuyambiranso.

"Wayamba kachasu, Eni?" anafunsa Karima podutsa. "Usadandaule, bibu yako yosewerera ija ndikuchapira."

Lachitatu anakwera minibasi wa ku Salima, kukachipatala ka maso. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, anamuikitsa chibwano pamakina.

"Phethirani. Phethiraninso. Sikakusuntha kagalasi aka. Kamayenera kusewera pang'ono kuti misozi izidutsa pansi pake."

"Komatu nambala ndi yanga."

"Yoonera ndi yanu, inde. Koma kupindika kwake si kwanu. Diso lanu n'lophwatalala pang'ono, aka n'kakuya, ndiye kakulikanikiza. Nsapato mumagula poona mtundu wokha, asisi?"

Anamuyeza maso onse awiri, nalemba manambala ena omwe Enifa anali asanawamvepo. Kenako anamupatsa mankhwala odontheza.

"Maso akwiya. Osaikamo kanthu mpaka Lachisanu. Mudzabwere tidzayese tina, tidzaone ngati tikukhala bwino."

"Nanga mawa? Akusankha timu."

"Mawa mukavala izi, Loweruka mukhala pano, osati ku Lifuwu."

Atafika kunyumba bokosi lija linamusowetsa mtendere. Analiika pamwamba pa kabati, analitsitsa, analibisa m'thumba la mpunga, analitulutsanso. Ola limodzi lokha la masewera lingaononge diso? Anang'amba kapaketi kamodzi, n'kukayang'ana kagalasi kakuyandama m'madzi ake, koyera, kosalakwa. Anakataya kudzala.

M'mawa mwake anapita kwa mayi Pitala, nawapeza akusesa pabwalo. Anawapatsa bokosi lija.

"Mundisungire, mayi. Likakhala kwathu ndivala. Lero sindisewera, adokotala akaniza."

Mayi Pitala anamugwira chibwano, namuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Ayamba Karima," anatero. "Lachisanu madzulo udzandionetse. Ukadzamwetsa khumi, chigawo chachiwiri n'chako."

Chiyambireni Enifa anali asanakhalepo panja masewera akuyamba. Anabwerera kunyumba, anamanga magalasi ake ndi mphira ija, n'kuyamba kuwerenga: modzi, wiri, tatu.