Chikalata Chimene Sindinabweze

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa, ndipo ngakhale bambo a mwana wanga achidziwira pompano. Onse a pa esiteti ija amati inali mvula. Mvulayo inagwadi, mitengo ya mawaya a telefoni inagwadi cha ku Kande. Koma chikalata chija ine ndinali nditachigwira kale mawaya asanaduke, ndipo ndinachigwira dala.

Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya mphira, kumtunda kwa msewu wa ku Chintheche. Poti ndinali ndi setifiketi ya kukoleji ya kutaipa ndi kompyuta, anandipatsa kachipinda kangakanga: tebulo, mpando, chithunzi cha mtsogoleri pakhoma monga zinalili m'maofesi monse, ndi makina aja. Anthu ankati ndili ndi kompyuta, koma yangayo inali galasi lakuda ndi mabatani basi. Kompyuta yeniyeni, yosunga zikalata zonse za kampani, inali kulikulu ku Blantyre, ndipo sindinaionepo ndi maso. Ndinkaifikira pa telefoni. Ndikaimba, kabokosi kena kankalira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako pagalasi pankatuluka kamzere kobiriwira kophethiraphethira, kudikira kuti ndilamule. Panalibe cholozera kapena chithunzi. Unkalemba lamulo m'Chingerezi chodukaduka n'kudina batani lalikulu. Lamulo lina linkaonetsa mayina a zikalata, lina linali lotenga, lina lobweza. Ukaphonya chilembo chimodzi inkakukana, osakuuzanso pamene walakwitsa.

Lamulo lotenga lija linali ndi khalidwe lake. Ukatenga chikalata kuti uchikonze, kompyuta ya ku Blantyre inkachikiya. Aliyense ankaona kuti chilipo, ndiponso kuti chakiyidwa ndi esiteti yathu, koma palibe akanachisintha kapena kuchisindikiza mpaka iwe utachibweza. Akulikulu anali nayo mphamvu yothyola loko, koma mwambo wawo unali wakuti sathyola asanamve kwa amene wagwira, poopa kutaya zimene wakonza. Komanso chibwerere makinawa, iwo sankalandira pepala lolemba pamanja; ankanyada nawo makina awowo. Choncho bwana wathu sakanalemba munthu ntchito, kapena kumuchotsa, chikalata chisanadutse mmenemo n'kubwerako chosainidwa.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali wakhanda. Bambo ake, amene ndi mphunzitsi, anali atabwezedwa kwathu ku Ntcheu pamene aphunzitsi analamulidwa kuti aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Ine ndinatsala chifukwa cha ntchito, pakati pa anthu amene chinenero chawo ndinkangotolako moni. Kaya ndi nkhawa kaya n'chiyani, mkaka wanga unayamba kuphwa. Amene anandipulumutsa anali mayi wina wa kumalayini, kumene kunkakhala antchito, mkazi wa bambo wocheka mitengo ya mphira. Kwawo kunali ku Thyolo, ndipo nawonso anali ndi khanda. M'mawa ndinkawasiyira wanga. Tsiku lina ndinatulukira masana asakundiyembekeza, ndipo ndinawapeza akumuyamwitsa. Ndinangoti chilili pakhomo.

"Achemwali, mukuyang'ana chiyani?" anatero, osamuchotsa n'komwe. "Makina anu aja akadakhala ndi bere ndikadamutumiza komweko."

Tinaseka, ine misozi ili m'maso. Kuyambira pamenepo mwana anayamba kudzaza masaya.

Kenako amuna a mayi aja anadwala. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera akangoyenda kuchoka pakhonde kukafika pa mpopi. Kuchipatala anati mtima watopa, n'kuwabweza kunyumba. Tonse tinkaona kumene zinkalowera. Ndipo tonse tinkadziwa dongosolo la esiteti: wantchito akakhalitsa osagwira ntchito ankachotsedwa, nyumba n'kuperekedwa kwa wina, ulendo wa kwawo n'kudzionera yekha. Koma akamwalira akadali m'kaundula wa antchito, kampani inkapereka bokosi ndi lole yonyamula maliro, banja ndi katundu mpaka kumudzi. Kuchoka kuno kukafika ku Thyolo pa basi, munthu wosatha kukhala tsonga, sindikudziwa akadafika pati.

Lachisanu lina masana bwana anandipatsa pepala la zosintha za mwezi umenewo. Pa ochotsedwa panali dzina la bambo aja. M'munsi mwake munali mayina awiri a olembedwa kumene. Ndinaimba ku Blantyre, mphaka uja analira, ndinalemba lamulo lotenga. Ndinataipa zonse monga bwana analembera, sindinasiye dzina kapena kusintha chilembo. Zimenezo ndikufuna zimveke. Nditamaliza ndinalemba lamulo lobweza, lonse, molondola. Chala chinali pa batani lalikulu lija. Sindinadine. Ndinafufuta lamulolo chilembo chimodzichimodzi kuchokera kumapeto, n'kudula telefoni.

Mumtima ndinati ndidzabweza Lolemba. Lolemba bwana anapita ku Mzuzu, ine ndinati mawa. Ndisanapeze bodza loti ndidzawauze akabwerako, mvula ya kuno ija, yosadziwa kukata, inagwa mpaka mitsinje inadzaza, mitengo ya mawaya n'kugona m'matope. Telefoni inati zii.

Patapita masiku dalaivala wa kampani anabwera ndi uthenga wa ku Blantyre wofunsa ngati athyole loko. Bwana analowa m'kachipinda kanga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kufunsa ngati chikalata chija ndinachibweza.

"Mawaya anaduka ndisanabweze, bwana."

Mawu amenewo analibe bodza. Anafunsanso kuti akathyola chichitike n'chiyani. Ndinawauza kuti apeza cha mwezi watha, chopanda zimene ndinataipa, poti zimenezo zimalowamo pokhapokha ndikachibweza. Izonso zinali zoona. Okonza mawaya anali atalonjeza kuti sabata yamawa zitheka, ndiye bwana anauza dalaivala kuti akanene kuti adikire. Sabata yamawayo inkangosunthira kutsogolo.

Sindinkagona bwino. Masiku amenewo mawu akuti "akusokoneza" ankakwana kuti munthu atengedwe, abale ake n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene ali. Nanga mkazi woseweretsa mawaya opita ku Blantyre akanamuti chiyani? Galimoto ikaima panja mtima unkangoti phwii. Ndinkataipa makalata wamba nditaweramitsa mutu, kuopa kuyang'anana ndi chithunzi chija pakhoma. Madzulo ndikakatenga mwana ndinkapeza bambo aja atawakhazika pampando wa ndalema, miyendo atayiika pa mtondo wogoneka, akumuseweretsa ndi kachikho kolandirira mkaka wa mphira. Ankandithokoza chifukwa cha shuga amene ndinkabweretsa. Za chikalata sankadziwa, ndipo ine sindinanene.

Koma panali munthu wina amene ndiyenera kumutchula. Mmodzi mwa awiri oyembekeza kulembedwa aja anali bambo wa cha ku Bandawe, wa imvi za apa ndi apo. Kapitawo anali atamuuza kale kuti ntchito ndi yake, iye n'kusiya malo ake m'bwato la mlamu wake, malowo n'kutengedwa ndi wina. M'mawa ankabwera wapansi, n'kuima pawindo langa chipewa chili m'manja, n'kundipatsa moni wa Chitonga.

"Mwayuka uli, ama. Waya wachira?"

"Sanachire, ada."

Ankaseka, amvekere waya ameneyu tikamugonetse kuchipatala cha Chintheche. Ankanena Chichewa chake chosakaniza, kuti chinangwa chawolera m'munda ndi mvulayi, kuti kunyumba akumufunsa ngati ntchitoyo ndi yogwira m'maloto. Masiku akupita nthabwala zinachepa. Kenako ankangokweza nsidze pawindo, ine n'kupukusa mutu. Tsiku lina sanabwere. Ndinamva kuti anatsagana ndi asodzi opita ku Usisya. Kuposa pamenepo sindidziwa kanthu za iye, ndipo pamene zinthu zinayenda malo ake anapatsidwa wina.

Bambo odwala aja anamwalira mawaya asanakonzedwe, akadali wantchito wa esiteti, m'nyumba yawo. Akalipentala a kampani anakhoma bokosi. Lole inabwera, tinakweza mphasa, ndowa, mpando wa ndalema uja ndi ana. Mayi aja asanakwere anamasula mwana wanga kumsana kwawo, poti ngakhale pa maliro mwanayo ankalirira iwo, n'kundipatsa.

"Mulungu ndi wabwino, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Anatigwetsera mawaya."

Ndinangogwedeza mutu. Mwana analirira lole ija mpaka inabisika m'mitengo ya mphira.

Telefoni itachira ndinachotsa dzina la malemuwo pa ochotsedwa n'kuliika pa omwalira, monga bwana anandiuzira. Ndinalemba lamulo lobweza n'kudina. Kompyuta ya ku Blantyre inayankha ndi liwu limodzi lalifupi, kuti yalandira. Palibe anafunsa kanthu.

Ndikadakonda kukuuzani kuti ndinachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Mwina chinalipo. Koma pamene chala changa chinaima pa batani lija, chimene ndinaona si miyendo yotupa ija ayi. Ndinaona mwana wanga ali wopanda bere, ine ndili ndekha kuno. Masabata amene ndinaba aja ndi amene ndinamuzoloweza phala. Ndipo panali m'mawa wina pamene ndinadzipeza ndikufunsa mumtima kuti chiyambe n'chiyani, mawaya kapena imfa, n'kusowa chimene ndingapemphere kwa Mulungu.

Mwanayo tsopano amathamanga, amalankhula Chitonga kuposa ine. Akangotentha thupi pang'ono ine mtima uli m'mwamba, ndimaganiza za bambo wa pawindo uja, kuti kodi ana ake anadya chiyani mwezi umenewo. Ntchito ndikugwirabe yomweyo, ndipo chikalata chilichonse ndimachibweza dzuwa lisanapendeke, mpaka bwana amandiyamikira.

Ndadzifunsa ndekha mpaka ndatopa, n'chifukwa chake ndikufunsa inu. Banja lina linakaika munthu wawo kumudzi kwawo, mwana wanga analimba, bambo wina anachoka pawindo chimanjamanja. Mukadakhala inu pampando uja, lamulo litalembedwa kale, kamzere kobiriwira kakuphethira, mukadadina?