Chilimwe Chimene Tinasefa Bwalo Lonse

Sefa ija inali ya bambo, ya waya ndi matabwa a paini, yosefera mchenga pomanga nyumba yathu ya pa Boma ku Mzimba. Iwo atamwalira inangotayidwa kuseri kwa khitchini, nkhuku n'kumagonapo.

Bambo anatisiyiranso chomera china. Anabwera nacho kuchokera ku Chikangawa kumene ankacheka matabwa, ati duwa la mpanda. Dzina lake palibe ankalidziwa. Ife tinkangoti kansungwi, poti tsinde lake linali la mfundomfundo, lamphako m'kati. Mvula yotsatira maliro kanaonetsa khalidwe lake. Kanaboola simenti ya pakhonde, timphukira tofiira tili tu tu tu, kenako khoma la kuchipinda linang'aluka mpaka ndinkaona kuwala kwa panja ndili gone pamphasa.

Mng'alu umenewo unali mlandu. Amayi kwawo n'ku Dedza, koma kuno ana ndi a kuchimuna, poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa. Abambo aakulu, mkulu wawo wa malemu, anali atanena kale kuti nyumbayo ikagwa, ine ndi mlongo wanga tikakhala kumudzi kwawo kwa bambo ku Edingeni, amayi abwerere kwawo okha.

Abambo aakuluwo sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anapalasa njinga kuchokera kumudzi, khasu atalimangirira pakaliyala, kudzatithandiza. Anagwira ntchito monga amachitira m'munda wa chimanga: kusenga, kutematema mizu, n'kukwirira zonse m'mizere kuti ziwole zisanduke manyowa. Udzu wa ku Edingeni umamva zimenezo. Kansungwi kanangoti zikomo pondibzala. Kachidutswa kalikonse kanaphuka, bwalo lonse psuu.

"Mlamu, malo ano akukanani," anatero atabweranso. "Mbwenu ana ndiwatenge."

Amayi anagwada. "Ndapota, alamu, ndipatseni chilimwe chino chokha."

Mvula itangotha anatulutsa sefa ija. Iwo ankakumba mpaka dzenje kuwafika m'chiuno, ife awiri tikugwedeza sefa uku ndi uku. Chisanu cha Juni chinkatilumaluma zala, fumbi likulowa m'mano, m'makutu, ngakhale m'phala. Mizu ya kansungwi ndimaikumbukabe: yakuda kunja, yachikasu m'kati, yothyoka kuti thobo ngati chinangwa chachiwisi. Palibe muzu umene unkapita kudzala. Yonse tinkaiponya padenga la malata kuti iume ndi dzuwa, ikauma n'kuitentha. Ndikanyalanyaza kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, amayi ankakatola osandikalipira. "Kakang'ono ndi kamene kamabwerera," ankatero.

Odutsa mumsewu ankatiseka kuti amayi a ku Dedza akufuna golide. Ine manyazi ankandigwira kwambiri, makamaka anzanga a kusukulu akamadutsa. Koma tsiku lina amayi oyandikana nafe, omwe ankaseka kwambiri aja, analowa pabwalo ndi lichero lakutha, n'kukhala pansi kuyamba kusefa nafe dothi. Mawa lake anabwera ndi anzawo a kumvano. Ambiri a iwo anatsogola kale, ndipo ndimamva chisoni kuti ndinakula mochedwa kuti ndiwathokoze.

Mvula yoyamba itagwa, abambo aakulu anafika. Anazungulira bwalo manja ali kumbuyo, akupalasa dothi ndi chala cha kuphazi. Pafupi ndi bafa anapeza timphukira tiwiri. Amayi anakumba timphukirato pomwepo, n'kutsatira muzu mpaka pothera pake. Abambo aakulu sanayang'ane dzenjelo, anayang'ana manja a amayi, ong'ambikang'ambika, zikhadabo zitatha.

"Yewo chomene, mlamu," anatero. "Ana aphunzire konkuno. Khomali ndidzamata ndekha."

Ine ndinalira ndi mkwiyo. Ndinali nditamva kuti ku Edingeni kuli mkaka wa chambiko tsiku lililonse, ndiponso kuti ana amakwera ngolo. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kuti ndikawauze amayi kuti andilanda mwayi. Ndinawapeza atakhala padothi lonyowa, miyendo atatambasula, mapewa akunjenjemera. Anandikoka n'kundipanikiza pachifuwa mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa.

Ndinawafunsa ngati apezanso muzu wina.