Nyeleti ya ku Kopala

Ndinachoka ku Kambombo m'chaka cha chilala, patapita miyezi ingapo chiikireni m'manda mwana wathu woyamba. Anakhala sabata imodzi yokha, kenako anakana bere, nsagwada zake n'kuuma. Mkazi wanga, NyaGoma, anali ndi pakati pena pamene ndinkakwera lole yopita ku Kopala kukacheka matabwa.

Tsiku loyamba kapitawo anatiimika pamzere. Aliyense wogwira sowo ndi nkhwangwa ankayenera kubayidwa katemera wa kafumbata, wokana abwerere kwawo. Mnzanga wa ku Chikwa anandinong'oneza kuti, "Iwe, nyeleti iyi imapha ubereki. Afuna tisabalane." Iye anatenga chikwama chake n'kupita. Ine ndinalibe ya basi, ndiye ndinapinda dzanja la shati.

Zaka ziwiri ndinakhala ndi mantha amenewo. Mabala a nkhwangwa ankapola bwinobwino, koma sindinkaganizako zimenezo. Ndinkangodziona ngati ng'ombe yofula. Mauthenga ndinkatumiza kudzera kwa mayi wina wogulitsa mpunga wa ku Chama, pamodzi ndi sopo ndi kandalama. Za nyeleti sindinatchule, chifukwa nkhani yotere sungaitume munthu. Mayiyo ndiye anandiuza kuti kwathu kwabadwa mtsikana. Ndinasangalala, komanso ndinalira, poganiza kuti ameneyo ndiye womaliza.

Nditabwerera ndinapeza mwanayo akuthamangitsa nkhuku. Anandiopa, n'kukabisala kumbuyo kwa mayi ake. Patapita masiku, tikupalira chimanga, ndinalimba mtima.

"NyaGoma, uyu tim'sunge bwino. Mwina wina sadzabwera. Kuntchito anandilasa nyeleti ya kafumbata."

Anaimika khasu n'kundiyang'ana.

"Ndiye zimene mwakhalira ndwii kuyambira tsiku munabwera? A Nyirenda, ine anandilasa yomweyo kusikelo, uyu ali m'mimba. Mnzanga NyaZimba nayenso, ndipo manje ali na mapasa."

Ndinafunsa chifukwa chimene anavomera. Anati namwino anamufunsa za mwana woyamba uja, mmene anafera ndi chimene tinadulira mchombo. Atamva kuti tinadulira bango, anamuuza kuti matenda amene anaumitsa nsagwada za mwanayo ndi kafumbata, ndipo nyeletiyo idzateteza wam'mimbayo.

Azimayi a m'mudzi mwathu ankazidziwa kale zimenezi. Ankapita kusikelo wapansi, n'kubwerako osatiuza kanthu, poti ife amuna tikanawaletsa. Ine ndemwe ndikanakhalapo ndikanamuletsa NyaGoma.

Tinabereka ana ena atatu. Woyamba uja tinalibe mpata womupatsa dzina.