Chisalirenso M'nyumba Muno

Lachitatu, sabata yomaliza ya Novembala.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso. Kwatsala mawa ndi mkuja basi, ndipo kalata ija amayi sanasayinebe.

Aphunzitsi anga a vayolini anyamuka Loweruka kupita ku Chennai, kum'mwera kwa India. Ndi mayi wa ku Liverpool, imvi zayamba kale, ndipo akhala akubwera kusukulu kwathu kuno ku Bradford Lachitatu lililonse kwa zaka zitatu. Akuti akakhala zaka ziwiri akuphunzira nyimbo zamakedzana za kumeneko. Nditawafunsa kuti munthu wodziwa kale akaphunziranso chiyani, anavula nsapato, n'kukhala pansi atapinda miyendo, mutu wa vayolini atautsamiritsa pa kakolo. Chala chawo sichinkadumpha monga anatiphunzitsira ife. Chinkatsetsereka pa nsambo, mawu n'kumanjenjemera asanafike pamene akupita. Tsiku lomwelo ndinawachonderera kuti andionetseko.

Akachoka sipabwera wina, ndipo mavayolini a sukulu tonse tibweza Lachisanu. Aphunzitsiwo ali ndi yawo yakale imene akufuna kundisiyira kufikira atabwerako, bola kholo lisayine kuti lavomera kuisunga. Amayi akakana, ndiye kuti kuyimba kwanga kwathera pomwepa.

Ndinalakwitsa ndekha. Lamulungu lapitalo titachoka kutchalitchi, amayi anakwera kukagonako pang'ono asanapite kushifiti kunyumba yosamalira okalamba. Ine ndinakhala pansi pabalaza nditapinda miyendo, n'kuyamba kuyeserera kutsetsereka kuja. Sipanathe nthawi, ndinamva mapazi akutsika masitepe mothamanga. Amayi anafika pakhomo chitenje chili m'manja, foni kudzanja linalo.

"Ndani?" anandifunsa. "Ayimba foni ndani? Wamwalira ndani?"

Kenako anaona vayolini ija. Chaka chatha mng'ono wawo anamwalira ku Ntcheu, iwo sanathe kupita. Maliro onse anawamvera pafoni atakhala pansi m'khichini, mawu a amayi olira akuduka n'kumabweranso.

"Ukutiitanira malodza iwe? Kaligo kakoko kasowa nyimbo zina?"

"Amayi, ndi nyimbo za ku India."

"Ku India amalira maliro masana dzuwa lili nge, aliyense ali moyo? Ndiponso khala bwino, ndiwe mtsikana. Chinthu chimenechi chisalirenso m'nyumba muno."

Lolemba ndinaika kalata ija pansi pa kapu yawo ya tiyi. Ndinaipeza pomwepo, ili ndi chizindikiro chozungulira cha kapu. Dzulo ndinatsuka mbale zonse, ndinasita mayunifomu awo atatu, ndinawapakira chakudya chokadya kuntchito. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ulemu wa kalata uwu. Ukanakhala wa ine ukanayamba kale."

Lero linali phunziro lathu lomaliza. Ndinaganiza zonama kuti amayi atanganidwa, koma misozi inanditsogolera, ndinaulula zonse. Ndimayembekeza kuti aphunzitsi akhumudwa. M'malo mwake anaika uta woyimbira vayolini pansi, maso ali gwa pa ine.

"Anaganiza kuti ndi munthu akulira?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anati chimenecho ndiye akukachifuna ku Chennai. Kumeneko vayolini amaiphunzitsa kutsata mmero wa munthu, ndipo iwo ayesa zaka zambiri, anthu n'kumangowauza kuti akuyimba bwino. Palibe anathamangapo kutsika masitepe. "Mayi ako ali ndi khutu," anatero. Ndinafuna kuwauza kuti khutu lomwelo ndi limene likundilanda vayolini, koma m'Chingerezi mawu ake sanabwere. Za kalata sanasinthe. Popanda siginecha sangandisiyire.

M'basi pobwerera ndinaitulutsa kalata ija, cholembera chili m'manja. Siginecha ya amayi ndimaidziwa, ndi zilembo zinayi ndi mchira. Ndinafika poika nsonga papepala. Koma ndikanaibisa kuti vayoliniyo zaka ziwiri, m'nyumba ya zipinda ziwiri? Ndipo ndikanaiyimbira kuti?

Ndakhala ndikuganiza za tsiku la maliro lija. Azimayi a kwaya atayamba nyimbo yotsitsira bokosi, foni inaduka, ndipo itabweranso anali atamaliza. Amayi sanaimve mpaka kumapeto. Nthawi zina potsuka mbale amayiyamba chapansipansi, n'kulekera pakati. Ine ndimaidziwa yonse, timayiyimba kutchalitchi.

Mwina ndiwapweteka kuposa Lamulungu. Mwina kalatayo aing'amba ndikuona. Koma njira ina ndilibe, ndipo vayolini ya sukuluyi ili nane mausiku awiri okha.

Anati isalirenso m'nyumba. Mawa amaweruka masana. Ndikachoka kusukulu ndiyala katoni kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala, pansi pa windo la khichini. Ndivala thalauzi ndi chitenje pamwamba kuti asanene za kakhalidwe. Kalata ndiisiya patebulo pamodzi ndi cholembera. Akayamba kutsuka mbale ndiyimba nyimbo ija motsetsereka, kuyambira poyamba, ndipo ngakhale atsegule windo sindileka mpaka nditaimaliza.